Kukumbukira ofera ku nkhondo: kuchokera ku Gallipoli mpaka ku Johannesburg ndi ku Zomba

RANDBURG, Johannesburg – Chaka chilichonse pa 25 Epulo, anthu a ku Australia ndi ku New Zealand amalawirira m'bandakucha kukasonkhana pa zipilala za chikumbutso pofuna kulemekeza asilikali awo amene anafera ku nkhondo. Tsikuli limatchedwa Anzac Day, ndipo akazembe a maiko awiriwa amalikumbukiranso kumaiko kumene akugwira ntchito, kuphatikizapo South Africa. M'mwezi wa Novembala, mwambo wofanana ndi umenewu umachitika pakati pa mzinda wa Johannesburg, komanso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu m'dziko la Malawi.

Miyamboyi inaphuka pa tsinde limodzi. Pamene nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse zinkamenyedwa, yoyamba kuyambira 1914 mpaka 1918 ndipo yachiwiri kuyambira 1939 mpaka 1945, maiko onsewa anali mu ufumu wa Britain ndipo anyamata awo ankamenyera mfumu imodzi. Kusiyana kunadza nkhondo itatha, pa kawerengedwe ka akufa. Pafupifupi msilikali aliyense wa ku Australia amene anafa ali ndi dzina lake pakhoma mu mzinda wa Canberra, pomwe amtengatenga zikwizikwi a ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nalo sadziwika maina awo ngakhalenso malo amene anagonekedwa.

Chiyambi cha tsiku la Anzac

Dzina lakuti Anzac ndi chidule cha mawu akuti Australian and New Zealand Army Corps, gulu la nkhondo limene linapangidwa ku Egypt pophatikiza asilikali a maiko awiriwa. M'mamawa wa pa 25 Epulo 1915, gululi linatsika m'mabwato pagombe la Gallipoli, m'dziko limene lero ndi Turkey. Cholinga cha Britain ndi France chinali kutsegula njira ya pamadzi ya Dardanelles, kulanda mzinda wa Constantinople, umene tsopano ndi Istanbul, ndi kugonjetsa ufumu wa Ottoman umene unali kumbali ya Germany.

Zinthu sizinayende monga momwe akuluakulu a nkhondo anakonzera. Pagombepo panali zitunda zovuta kukwera ndi maphompho, ndipo asilikali a Ottoman anaima nji. Ena mwa iwo ankatsogozedwa ndi Mustafa Kemal, amene patapita zaka anadzakhala pulezidenti woyamba wa dziko la Turkey. Kwa miyezi 8 mbali ziwirizi zinakhala m'maenje moyang'anizana, zikuphana popanda wosuntha mnzake, kufikira mu Disembala 1915 pamene asilikali a Anzac anachotsedwa usiku mwakachetechete. Australia inataya anthu oposa 8,000, New Zealand oposa 2,700, ndipo a Ottoman anataya oposa 80,000.

Ngakhale kuti ulendowo unathera m'kulephera, anthu a ku Australia anautenga ngati chiyeso choyamba cha dziko lawo, limene linali ndi zaka 14 zokha chigwirizanirane zigawo zake kukhala dziko limodzi mu 1901. Mwambo woyamba wa chikumbutso unachitika mu 1916, ndipo pofika mu 1927 tsikuli linali tchuthi m'zigawo zonse. Masiku ano limakumbukira onse ofera ku nkhondo zimene Australia inamenyako. Mapemphero amayamba kusanache chifukwa ndiyo nthawi imene mabwato oyamba anafika pagombe. Anthu amakhomera pachovala kanthambi ka zitsamba zonunkhira za rosemary, zimene zimamera zokha ku Gallipoli, lipenga limalira, kenaka pamakhala chete.

Imfa za ku France ndi nkhondo yachiwiri

Ambiri mwa asilikali a Australia anafera ku France ndi ku Belgium. Pa nkhondo ya Fromelles, usiku wa pa 19 kuchera 20 Julayi 1916, anthu 5,533 anaphedwa, kuvulazidwa kapena kugwidwa. Ku Pozières, m'masabata ochepa otsatira, ophedwa ndi ovulala anakwana pafupifupi 23,000. M'dziko la anthu osakwana 5 miliyoni, amuna oposa 400,000 analembetsa usilikali ndipo oposa 60,000 sanabwerere. Onsewa anapita mwa kufuna kwawo, pakuti kawiri konse, mu 1916 ndi mu 1917, anthu anakana pa riferendamu ganizo la boma lokakamiza anyamata kupita ku nkhondo yakunja.

Pa nkhondo yachiwiri, anthu a ku Australia pafupifupi 1 miliyoni anavala yunifolomu ndipo pafupifupi 39,000 anafa. Anamenya ku North Africa, ku Greece, ku Malaya ndi ku New Guinea. Mwa asilikali pafupifupi 22,000 amene anagwidwa ndi Japan, pafupifupi 8,000 anafera mu ukapolo, ena a iwo pa ntchito yomanga njanji pakati pa Thailand ndi Burma.

Maina a akufa amasungidwa ku Australian War Memorial mu Canberra, nyumba imene inatsegulidwa pa 11 Novembala 1941 potsatira ganizo la mtolankhani ndi wolemba mbiri Charles Bean. Pamakoma ake pali maina oposa 102,000, olembedwa popanda kusonyeza udindo, kotero kuti kazembe wa nkhondo ndi msilikali wamba ali pamzere umodzi. Pa 11 Novembala 1993 mafupa a msilikali wosadziwika dzina, amene anatengedwa ku France, anaikidwa m'nyumbayi. Ntchito yofufuza maina sinathe. Mu 2009 akatswiri anafukula mitembo 250 m'manda a gulu pafupi ndi Fromelles, anaiikanso mwaulemu mu 2010, ndipo poyeza DNA ya achibale azindikira oposa 160 mwa iwo.

Komabe Australia nayo ili ndi amene inachedwa kuwalemekeza. Eni nthaka a mtundu wa Aborigine oposa 1,000 anamenya nawo nkhondo yoyamba ngakhale malamulo ankawapinga polembetsa. Atabwerera kwawo, pafupifupi onse anamanidwa minda imene boma linkagawira asilikali achizungu.

Pamene mbiri ya Australia ikumana ndi ya South Africa

Asilikali a Australia anayamba kugona m'nthaka ya South Africa nkhondo za padziko lonse zisanayambe. Pafupifupi 16,000 anabwera kudzathandiza Britain pa nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902, ndipo pafupifupi 600 anafa, ena ndi zipolopolo, ena ndi matenda. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, sitima zambiri zonyamula asilikali a Australia zinkaima pa madoko a Durban ndi Cape Town. Ku Durban mayi Ethel Campbell anatchuka chifukwa cholandira ndi kutsanzika sitimazo, mwakuti ataitanidwa ku Australia nkhondo itatha analandiridwa ngati mbale.

Mu Julayi 1916 magulu a maiko awiriwa anali m'dera limodzi la mtsinje wa Somme. Pa 15 Julayi asilikali oposa 3,100 a South Africa analowa m'nkhalango ya Delville Wood atalamulidwa kuti asachokemo zivute zitani. Atatulutsidwa pa 20 Julayi, amene anayankha poitana maina anali pafupifupi 750 okha. Patangopita masiku atatu, a Australia anayamba kuthira nkhondo mudzi wa Pozières, pamtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pa nkhalangoyo.

Mwambo wokhala chete kwa mphindi ziwiri nawonso uli ndi mizu m'maiko onse awiri. Mu Meyi 1918 mzinda wa Cape Town unayamba kuimitsa ntchito masana alionse mzinga wa 12 koloko ukalira, kuti anthu akumbukire akufa ndi kupempherera amoyo. Mu Meyi 1919 mtolankhani wa ku Australia wokhala ku London, Edward George Honey, analemba m'nyuzipepala kupempha mphindi zisanu za chete. Chaka chomwecho Sir Percy FitzPatrick, amene anakhala nthawi yaitali ku Johannesburg ndipo mwana wake anaphedwa ku France mu 1917, anatumiza ganizo la ku Cape Town kwa mfumu George V. Mfumuyo inavomera, ndipo pa 11 Novembala 1919, nthawi ya 11 koloko m'mawa, ufumu wonse unakhala chete kwa nthawi yoyamba.

Bungwe la asilikali akale la Memorable Order of Tin Hats, lodziwika kuti MOTH, limene lili ndi nthambi m'madera ambiri a Johannesburg, linakhazikitsidwa ku Durban mu 1927 ndi Charles Evenden, wojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala amene anamenya nkhondo ku Gallipoli ali m'gulu la Australia. Bungwe lina, South African Legion, limene limagulitsa maluwa ofiira a popi m'mwezi wa Novembala, linayamba pa msonkhano wa ku Cape Town mu 1921.

Pa nkhondo yachiwiri maiko awiriwa anakumananso m'chipululu cha North Africa. Asilikali a Australia anateteza doko la Tobruk ku Libya kwa miyezi yambiri mu 1941. Dokolo linagwa pa 21 Juni 1942 lili m'manja mwa kazembe wa ku South Africa, Hendrik Klopper, ndipo asilikali a South Africa oposa 10,000 anagwidwa. Mu Okutobala chaka chomwecho magulu a maiko onse awiri anamenyera limodzi ku El Alamein m'dziko la Egypt, kumene lero manda awo ali m'bwalo limodzi.

Malo a chikumbutso pafupi ndi Randburg

Tawuni ya Randburg inakhazikitsidwa mu 1959, nkhondo zonse ziwiri zitatha, ndipo tsopano ndi gawo la mzinda wa Johannesburg. Nchifukwa chake malo akuluakulu a chikumbutso ali m'madera oyandikana nayo. Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'masitolo a m'derali amadutsa pafupi ndi malowa tsiku ndi tsiku.

Msewu wa Jan Smuts Avenue, umene umalumikiza Randburg ndi pakati pa mzinda, uli ndi dzina la munthu amene ankalamulira magulu a Britain ku East Africa mu 1916, pa nkhondo yomweyo imene anthu a ku Nyasaland anasenzera katundu. Pafupi ndi msewuwu, ku Saxonwold, moyandikana ndi malo osungirako nyama zakutchire, pali nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo imene Smuts anatsegula mu 1947, yomwe lero ikutchedwa Ditsong National Museum of Military History. Pambali pake pali chipilala cha nkhondo ya Mabunu, chimene poyamba chinali cha asilikali a mbali ya Britain okha, koma mu 1999 chinaperekedwanso kwa onse amene anafa pa nkhondoyo, amuna, akazi ndi ana a mitundu yonse.

M'mbali mwa msewu wa Beyers Naudé Drive muli manda a West Park, momwe muli mitumbira yoposa 600 ya asilikali a nkhondo yachiwiri. Pakati pa mzinda, pabwalo la Beyers Naudé Square, pali chipilala chachikulu chimene chinavundukulidwa mu 1926, ndipo apa ndi pamene akuluakulu a mzinda, asilikali ndi akazembe amaika nkhata za maluwa m'mwezi wa Novembala. Kum'mawa, pafupi ndi tawuni ya Springs, kuli manda a Palmietkuil South momwe munaikidwa asilikali akuda oposa 200 a gulu la Native Military Corps.

Asilikali akuda a South Africa

Boma la South Africa silinkalola anthu akuda kugwira mfuti pa nkhondo zonse ziwiri. Ankalembedwa ntchito yokumba, kutsitsa katundu m'sitima, kuyendetsa magalimoto ndi kunyamula ovulala. Pa 21 Febuluwale 1917, sitima ya SS Mendi, imene inanyamula antchito otere kupita ku France, inagundidwa ndi sitima ina yotchedwa Darro m'bandakucha kuli chifunga, pafupi ndi chilumba cha Isle of Wight. Anthu 616 a kum'mwera kwa Africa anamira, pafupifupi onse akuda. Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkasungidwa ndi mabanja ndi mipingo, boma lili chete. Chipilala cha Mendi ku manda a Avalon mu Soweto chinavundukulidwa mu 1995 ndi mfumukazi Elizabeth II, Nelson Mandela ali pulezidenti, ndipo tsiku la 21 Febuluwale linasankhidwa kukhala lolemekeza asilikali a dzikoli.

Mmodzi mwa ogwidwa ku Tobruk anali Job Maseko wa ku Springs. Pokakamizidwa kutsitsa katundu padoko, iye anapanga bomba m'chitini cha mkaka nkumiza sitima ya adani. Anapatsidwa mendulo ya Military Medal, koma anamwalira ali wosauka mu 1952. Ku Delville Wood, kumene chipilala cha 1926 chinkaonedwa ngati cha azungu okha, khoma latsopano la maina a mitundu yonse, olembedwa motsatira alifabeti, linatsegulidwa mu 2016.

Nkhondo ya chiwaya ku Nyasaland

Kwa anthu a ku Nyasaland nkhondo yoyamba inafika pakhomo penipeni, chifukwa dziko loyandikana nalo kumpoto, limene lero ndi Tanzania, linali la Germany. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, tsidya la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi. Mzinga wa Guendolen ulipobe pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Pa 9 Sepitembala 1914 kunachitika nkhondo ku Karonga, kumene Majeremani anabwezedwa, ndipo manda a ena mwa ophedwa tsikulo akusamalidwabe m'tawuniyo.

Asilikali a Nyasaland anali m'gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba ndi achiwiri ankalemba anthu a m'dzikoli. Mu Novembala 1914, mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene amphawi a mu Africa ankafera pa mkangano wosawakhudza, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowathandiza. Boma la atsamunda linaletsa kufalitsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe anaukira boma ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale.

Kuyambira mu 1916, gulu la kazembe Edward Northey, momwe munali asilikali a Nyasaland, Rhodesia ndi South Africa, linalowa m'dziko la Majeremani kudzera kumpoto kwa nyanja. Kumeneko kunalibe misewu yodalirika, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi matenda a kashembe. Choncho ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinkayenda pamitu ya anthu. Olemba mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko limene panthawiyo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Ambiri ankagwidwa mokakamiza kudzera kwa mafumu ndi amesenjala a boma, ndipo anthu anaiona ntchitoyi ngati thangata wina. Ankayenda maulendo ataliatali ndi chakudya chochepa, ndipo kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri kuposa zipolopolo. M'chigawo chonse cha East Africa, amtengatenga ofera kumbali ya Britain amawerengedwa kuti anali pafupifupi 95,000. Kumidzi, kusowa kwa amuna olima kunadzetsa njala, ndipo mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919 unadzaonjezera maliro.

Anthu anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza, ndipo wolemba mbiri Melvin Page, amene anacheza ndi okalamba ambiri omwe anaiona, anatcha buku lake la mu 2000 The Chiwaya War. Kazembe wa Majeremani Paul von Lettow-Vorbeck anaolokera ku Mozambique mu Novembala 1917, anamenyana ndi asilikali a Nyasaland ku Lioma mu Ogasiti 1918, kenaka analowa ku Northern Rhodesia nkulanda Kasama. Uthenga woti nkhondo yatha ku Ulaya pa 11 Novembala unamupeza pamtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918.

Ethiopia, Madagascar ndi Burma

Pa nkhondo yachiwiri amuna a ku Nyasaland pafupifupi 30,000 analowa usilikali. Mu Julayi 1940 anateteza malo a Moyale pamalire a Kenya ndi Ethiopia polimbana ndi Mataliyana, ndipo ndiko kunachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu. Mu Ogasiti chaka chomwecho anamenya ku Tug Argan m'dziko la Somaliland. Anatenga nawo mbali pomasula Ethiopia mu 1941 ndi polanda chilumba cha Madagascar mu 1942. Mu 1944 anatumizidwa ku Burma, kumene anadutsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, pakati pa matope ndi malungo, mpaka kukafika pamtsinje wa Chindwin. Motero m'dziko la Myanmar, monga momwe Burma ikutchedwera tsopano, mukugona ana a Nyasaland amene anamenyana ndi Japan komanso ana a Australia amene anafa akumanga njanji.

Pobwerera, malipiro othokoza sanali ofanana. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaulutsa mu 2019 zinaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a East Africa ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pomwe mnzake wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni atatu ndi theka.

Momwe Malawi imakumbukirira

Chipilala chakale kwambiri ndi nsanja ya King's African Rifles ku Zomba, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1920 pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo ili ndi maina a asilikali oposa 1,000 a nkhondo yoyamba. Ku Lilongwe nsanja ina ya chikumbutso inamangidwa m'zaka za m'ma 2000 ku Area 18. Mwambo umachitika Lamulungu lachiwiri la Novembala. Mzinga ukalira nthawi ya 11 koloko anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri, malipenga amalira, atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu amapemphera, ndipo akuluakulu a boma, a asilikali ndi akazembe amaika nkhata. Masiku oyandikira mwambowu amagulitsa maluwa a popi pofuna kupeza thandizo la asilikali okalamba kudzera m'bungwe la Veterans and Ex-Service League of Malawi. Amene anaona nkhondo yoyamba onse anatsikira kulichete, ndipo otsala a nkhondo yachiwiri ndi owerengeka, a zaka pafupifupi 100.

Kumidzi chikumbutso chinasungika mwa njira ina. Magule a beni pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi mganda wa m'chigawo chapakati anatengera perete wa asilikali, maudindo awo ndi zovala zawo, ndipo anafalikira kwambiri asilikali ndi amtengatenga atabwerera kwawo. Ovina ambiri a lero amavala makabudula, masokosi aatali ndi mamendulo monga ankachitira agogo awo.

Kukonza mbiri ya oiwalidwa

Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1917 ndipo Australia ndi South Africa ndi ena mwa maiko olipereka ndalama, linalonjeza kuti wakufa aliyense adzakumbukiridwa ndi dzina lake popanda kusankha udindo, mtundu kapena chipembedzo. Ku Ulaya lonjezoli linasungidwa. Ku Africa akuluakulu a atsamunda anagamula kuti anthu akuda safunika mwala wa pamanda aliyense payekha, ndipo m'malo mwake anaimika zipilala zopanda maina ku Dar es Salaam, Mombasa ndi Nairobi. Manda ambiri a amtengatenga anasiyidwa kuti amere thengo.

Mu Epulo 2021 lipoti la komiti yapadera ya bungweli linavomereza kuti anthu 45,000 mpaka 54,000, makamaka a ku Africa ndi India, anakumbukiridwa mosafanana ndi azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sanalembedwe maina kapena sanakumbukiridwe nkomwe. Lipotilo linati gwero lake linali tsankho. Nduna ya chitetezo ya Britain panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Chimodzi mwa zotsatira zake ndi chikumbutso cha Cape Town Labour Corps Memorial m'munda wa Company's Garden, chimene chinatsegulidwa mu Januwale 2025. Chili ndi mizati yamatabwa yoposa 1,700, uliwonse ndi dzina la wantchito wakuda wa ku South Africa amene anafera mu Africa pa nkhondo yoyamba.

Vuto lalikulu pa ntchitoyi ndi kusowa kwa zikalata. Australia inasunga fayilo ya msilikali aliyense, yosonyeza kwawo, wachibale wake ndi tsiku limene anafa, ndipo mafayilo a nkhondo yoyamba aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti. Amtengatenga ambiri ankalembedwa ndi dzina limodzi ndi nambala, nthawi zina molakwika, ndipo ena ankafera panjira pobwerera kwawo atachotsedwa kale m'kaundula. Pa chifukwa chimenechi, zimene mabanja ndi mafumu akukumbukira pakamwa zili ndi phindu lofanana ndi zolembedwa.

Banja lofuna kufufuza za kholo lake lingayambe ndi kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, amene amapezeka kwaulere pa intaneti ndipo amafufuzidwa polemba dzina, nambala ya usilikali kapena gulu. Nambalayo imapezeka pa zikalata zotulukira usilikali komanso m'mphepete mwa mamendulo a nkhondo yoyamba. Ku Malawi zikalata za nthawi ya atsamunda zimasungidwa ku National Archives of Malawi mu Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi za King's African Rifles. Kwa okhala ku Johannesburg, nyumba ya mbiri ya nkhondo ku Saxonwold ili ndi laibulale yakeyake. Pofufuza ndi bwino kuyesa kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina limodzi, komanso kudziwa mudzi, mfumu ndi boma limene munthuyo anachokera, pakuti alembi a nthawi imeneyo kawirikawiri ankalemba zimenezi m'malo mwa dzina la bambo.